Kolosi Sinathyoke, Koma Feteleza Anapita ndi Madzi

Sabata ino ndayenda wapansi m'matope, nsapato zili m'manja, buluku nditapinda mpaka m'mawondo, ndipo mpaka lero msana ukundikumbutsa kuti unyamata unatha kale. Koma za msana wanga tizisiye. Ndikufuna ndikuuzeni za alamu anga, a Namakhwa, ndi kachitsulo kamene anadzagula kuno ku Balaka.

A Namakhwa ndi achimwene awo a mayi a kunyumba kwanga. Amakhala ku Liwonde, ndipo ali ndi pikapu yakalekale, ya zija zokoka ndi matayala onse anayi. Penti inasuluka, chitseko cha mbali ya wokwera chimatsegukira kunja kokha, koma injini ikalira mumadziwa kuti muli moyo. Ntchito yawo ndi kunyamula anthu ndi katundu pakati pa Nsanama ndi midzi ya kuseri kwa dambo, kumene mayi a kunyumba kwanga anabadwira. Mpunga, nandolo, malata, odwala, nthawi zina maliro. Kale magalimoto olowa kumeneko analipo angapo, koma eni ake anasiya mmodzimmodzi, msewu utawathera masipuling'i ndi matayala. Masiku ano mvula ikangoyamba, galimoto imene anthu a kumeneko amaimva kulira ndi ya alamu anga basi.

Kachitsulo ndikunenaka amakaniko amakatcha kolosi. Ngati simunakaonepo, ndi kamtanda kokwana m'dzanja, kamene kamakhala kuseri kwa tayala lakutsogolo. Ntchito yake ndi yofanana ndi ya bondo: kamalola kuti tayala likhote uku likukoka. Kakathyoka, tayalalo limangotsatira anzake ngati mlendo, ndipo ngati muli m'matope ndiye kuti mwafika.

Chiyambire mvula ya chaka chino, alamu anga akhala akuthyola makolosi ngati nzimbe. Akaika ina, ulendo wotsatira yapita. Ndiye anamva kwa anzawo kuti kuli mtundu wina wonenepa, wa chitsulo cholimba, umene amaika eni magalimoto oyenda m'tchire. Anauitanitsa kudzera kwa Che Jafali, makaniko amene galaja yawo ili pansi pa mtengo wa nimu kuno ku Balaka, ndipo tsiku loimanga anandidutsira kuti tipitire limodzi.

Che Jafali anaika kolosi yakale m'dzanja lina, yatsopano m'dzanja lina, ngati munthu woyesa mavwende pamsika. Anavomereza kuti yatsopanoyo ndi chitsulo chenicheni. Koma asanagwire sipanala anayang'ana alamu anga.

"Iyi singathyoke msanga, bambo Namakhwa. Koma mphamvu ikasowa pothyola apa, ikafuna pena. Difu yanuyi ndi yakale."

"Ndikudziwa, Che Jafali," anatero alamu anga. "Koma ndisiye kupita? Mangani."

Difu ndi chibokosi cha magiya chimene chimagawira matayala mphamvu. Onse awiri ankadziwa zimene ankakamba, panalibe wophunzitsa mnzake. Che Jafali anangogwedeza mutu, n'kupaka girizi, n'kumanga.

Tsiku lotsatira alamu anali ndi ulendo wa kumudzi, ndipo mayi a kunyumba anandipatsa kaphukusi ka sopo, mchere ndi shuga kuti ndikasiyire apongozi. Ndinakwera.

Pa Nsanama tinapeza katundu akutidikira pakhonde la sitolo. Anali feteleza wobereketsa wa kalabu ina ya alimi. Woyang'anira anali Abiti Saidi, mayi wamtali wa mpango wakuda kumutu, wosalankhulalankhula, amene akamawerengera anzake amayamba m'Chichewa n'kumalizira m'Chiyao. Anabwera ndi amuna awiri a kalabuyo kuti athandize kunyamula. Anandiuza kuti chimanga kumudzi chayamba chikasu, feteleza anachedwa kufika m'masitolo, ndipo akapanda kuthira masiku omwe ano ndiye kuti chaka chapita.

Matumba athunthu, osatsegula, analipo owerengeka. Ambiri mwa alimiwo sakanakwanitsa thumba lonse, choncho anasonkherana. Matumba ena anawatsegulira pakhonde pomwepo n'kumagawa ndi ndowa, uyu theka, uyu kachigawo, uyu kongokwanira kamunda ka kuseri kwa nyumba. Ankathira m'masaka akale, ndipo saka lililonse Abiti Saidi ankalimanga ndi kansalu kong'amba ku chitenje cha mwini wake, kuti pofika pasakhale mkangano.

Tinanyamuka dzuwa likuwala. Kumapiri kokha n'kumene kunali kutada bii, koma tinati mvula ya kumeneko ndi ya eni ake.

Msewu umenewo sindikudziwa ngati ukuyenera dzina la msewu. Pena ndi ngalande, pena ndi mizere ya munthu amene analima mpaka pakati. Pikapu inkapendama uku ndi uku, koma inkakoka bwino, ndipo alamu ankamwetulira. Pamalo pena pamene ankati amathyolerapo kawirikawiri, tinadutsa osamva kanthu. Anamenya chiwongolero ndi chikhatho n'kundiuza kuti ulendo uno agula chinthu.

Kenako tinafika pakamtsinje. Pamenepo panali kalavati kale, kamlatho ka mapaipi a simenti, koma madzi anaikokolola zaka zapitazo, ndipo zidutswa zake zili cha kumunsi, amayi amachapirapo zovala. Galimoto imatsikira m'madzi momwemo n'kukwera tsidya linalo. Tsiku limenelo madzi anali ofika m'akakolo chabe, oyera bwino.

Kutsika tinatsika. Pokwera, matayala akumbuyo anamira mumchenga, lakutsogolo lina linakanirira pamwala. Alamu anabwerera m'mbuyo pang'ono n'kuyesanso. Anaponda mafuta. Injini inabangula, galimoto inanjenjemera, kenako pansi pathu panamveka kuphulika ngati munthu waswa mphika waukulu, n'kutsatira phokoso la chigayo chimene chameza miyala. Titatsika tinaona oyilo wakuda akuyandama pamadzi.

Alamu anagwada m'madzimo, kusuzumira, n'kupeza kuti yasweka ndi difu. Kolosi ikathyoka amamasula tayala n'kuikapo ina, chifukwa yapadera sisowa pansi pa mpando wawo. Difu munthu sayenda nayo m'thumba.

Tinayesa zonse zimene anthu amayesa. Nthambi, miyala, kukankha. Matayala akumbuyo ankangozungulira n'kumadzikumbira manda. Ndiye tinagwirizana zotsitsa katundu kuti galimoto ipepuke. Timasaka ting'onoting'ono tija tinali pamwamba, choncho tinayamba kutsika ndi ito. Tinatiunjika pamchenga wouma m'mbali mwa madzi, pafupi, poganiza kuti tikangotuluka tipakiranso. Mtunda weniweni unali patali pang'ono, woterera, ndipo palibe anaona chifukwa chokwerera kumeneko ndi katundu.

Tili mkati molimbana ndi matumba athunthu, Abiti Saidi anaimirira n'kutchera khutu kumtunda kwa mtsinje. Analankhula mawu ochepa m'Chiyao, ndipo amuna awiri aja anaponya pansi thumba limene ananyamula. Ine ndinamva mochedwa. Madzi anali atasanduka ofiira, akubwera ndi mapesi, zitsotso ndi nthambi. Pamene tinali ife sipanagwe ngakhale dontho limodzi. Inali mvula ya kumapiri ija.

Amene munakulira kufupi ndi timitsinje totere mukudziwa kuti madzi ake sapereka moni. Tinathamangira timasaka tija. Ine ndinagwira tiwiri, Abiti Saidi anasenza kena kumutu, kena m'khwapa, alamu ndi amuna aja chimodzimodzi. Pobwerera ulendo wina, mchenga uja kunalibenso. Madzi anali m'chiuno, ndipo wina mwa amunawo anachita kumukoka Abiti Saidi pamkono kuti asalowenso.

Tinaima pamtunda n'kumaonerera. Madzi analowa mpaka pampando wa dalaivala. Kaphukusi ka apongozi kanatuluka pachitseko chimene tinasiya chotsegula n'kumapita.

Madzi ataphwera pang'ono tinatsika kukaona zotsala. Matumba athunthu aja ali ndi pulasitiki m'kati, ndiye ngakhale ananyowa kunja, feteleza wake anapulumuka. Koma feteleza wobereketsa akakumana ndi madzi amasungunuka ngati shuga mu tiyi. Timasaka tambiri tinatipeza titakodwa m'bango cha kumunsi, topanda kanthu, tansalu tija tikadali tomanga bwinobwino.

Abiti Saidi ankatola kamodzikamodzi, kukafinya, kuyang'ana kansalu, n'kutchula mwini wake chapansipansi. Atafika pa kena anakhala nako m'manja nthawi yaitali.

"Aka ndi ka mayi ake a Hawa," anatero. "Anagulitsa mbuzi yokhayo imene inatsala m'khola."

Alamu anga ndi munthu wamkulu, wa imvi, amene sindinamuonepo akusowa mawu. Anavula chipewa n'kuyamba kupepesa, akuti mwina akanadikira, mwina sakanaponda mafuta kwambiri, mwina akanangosiya kolosi yakale ija. Abiti Saidi anawadula.

"Iyayi, bambo, inu mulibe mlandu. Mukanapanda kubwera inu, akanabwera ndani?"

Ndinaona kuti mawu amenewa anawapweteka alamu kuposa mmene chipongwe chikanawapwetekera.

Ulendo wotsalawo tinayenda wapansi. Anthu a m'mudzi anabwera ndi njinga kudzatenga matumba opulumuka. Ine sindinapite nawo kumene Abiti Saidi anakaitana anzake a kalabu, ndinakhotera kwa apongozi chimanjamanja. Koma madzulo ake, ndili pakhonde, ndinamva mayi wina akulira cha kutsidya kwa minda, kulira kwa pansipansi kosaitana anthu. Apongozi sanandiuze kuti ndi ndani, nanenso sindinafunse.

Tsopano tiyeni tikambirane, awerengi anzanga.

Ndikudziwa kuti wina anena kuti walira mvula walira matope. N'zoona. Koma matope a pakamtsinje paja si a mvula yokha. Kalavati ija sinakokoloke dzulo. Ana amene anabadwa chaka chimene inapita ali kusukulu tsopano. Anthu a kumeneko akuti alendo akhala akubwera, kuima, kuloza ndi chala, kujambula zithunzi, n'kulonjeza. Amabwera m'chilimwe, mtsinje uli gwa, pa magalimoto aatali oti dzenje salimva n'komwe. Munthu amene sanagwedezekepo pampando angakhulupirire bwanji kuti msewu wafa?

Koma ndisangoloza akuluakulu okha, chifukwa chala cholozacho chili ndi anzake oyang'ana kwa ine. Taonani chizolowezi chimene tatengera tonsefe. Magetsi akamazimazima, amene angathe amagula sola. Mipopi ikauma, amakumba chitsime chake kuseri kwa mpanda. Sukulu ya m'dera ikalowa pansi, amasamutsa mwana wake. Msewu ukawonongeka, amagula galimoto yaitali, ndipo amene ali ndi yakale, ngati alamu anga, amaikamo kolosi yonenepa. Aliyense akulimbitsa pake. Inenso ndili momwemo, padenga panga pali sola, ndipo chiikireni sindinapitenso kumsonkhano uliwonse wodandaula za magetsi. Ndikadandaulenso chiyani, poti kwanga kukuwala?

Vuto lake ndi lakuti amene ali ndi mawu omveka ndi omwewo amene amatha kudzipulumutsa. Akadzipulumutsa amakhala chete. Otsala ndi aja mawu awo safika patali. Ndipo vuto silinachoke, langosamukira kwa wofooka. Pakamtsinje paja amene anagula thumba lathunthu sanataye kanthu. Amene anataya ndi mayi wa kachigawo, wogula ndi mbuzi yomaliza. Kodi si mmene zimakhalira nthawi zonse kwathu kuno?

Nawonso anthu a kumudzi sindiwasiya. Ndinaona ndi maso anga mizere yolimidwa mpaka mumsewu, ngalande za m'minda zolozetsedwa dala kumsewu kuti madzi asawononge mbewu. Apongozi anandiuza kuti miyala ina ya kalavati ija ili m'maziko a nyumba za anthu, ndipo aliyense akudziwa kuti ndi nyumba ziti. Msewu ndi wa tonse, ndiye ulibe mwini. Munda uli ndi mwini.

Ndiye pakati pa akuluakulu osamva mabampu ndi anthu olima mumsewu, tinaikapo munthu mmodzi wa pikapu yakale kuti asenze zonse. Tinkamutama. A Namakhwa ndi olimba mtima, a Namakhwa sabwerera, a Namakhwa amafika pamene ena amalephera. Inenso ndinkanena zimenezi pamaliro ndi pamaukwati, monyadira kuti ndi alamu anga. Palibe anafunsa kuti kulimba mtima kumeneku kukuwadyera chiyani, kapena kuti tsiku limene adzatope kudzakhala bwanji. Kutama munthu n'kotchipa kusiyana ndi kukonza kalavati.

Galimoto inatuluka m'mawa mwake, amuna a m'mudzi atakoka ndi zingwe mothandizana ndi ng'ombe za ngolo. Kuchokera pamsewu waukulu, lole ina inaikokera ku Liwonde. Che Jafali anakwera minibasi kukaiona. Anapeza mano a difu atayoyokera pansi pa chibokosi, injini itamwa madzi amatope. Atamasula tayala, kolosi ija anaipeza ili bwinobwino, yonyezimira, girizi akadali momwemo. Sananene kuti ndinakuuzani. Akuti anangoipukuta n'kuipereka kwa mwini wake.

Ndinapita kukawaona alamu dzana. Ndinawapeza atakhala pa tayala pabwalo, pikapu ili pamiyala pambali pawo, zitseko zonse zili pululu kuti mipando iume. M'galimoto monse munkanunkha matope. Akazi awo anandilandira ndi nkhope ya munthu amene sanagone bwino.

Tinakamba zina ndi zina, za mvula, za mitengo ya zinthu. Kenako anandiuza zimene anaganiza. Difu ina ya galimoto ya mtundu umenewo ndi yosowa, injini ikufunika kuimasula yonse, ndipo ngakhale atakonza, kamtsinje kaja kali pomwepo kudikira. Aigulitsa kwa anthu ophwasula magalimoto. Ena abwera kale kudzaona matayala ndi giyabokosi. Anati atopa, ndipo ananena mawuwa mopanda mkwiyo, ngati munthu wonena kuti kunja kwada.

Ndinawafunsa ngati anthu a kumudzi akudziwa.

"Sindinawauze, alamu. Pakamwa pakundilemera. Inu mumadziwa kusanja mawu, mukawauze ndinu."

Ndinavomera, chifukwa mlamu sakanidwa zinthu zotere pamaso pa akazi ake. Koma m'minibasi pobwerera ku Balaka ndinasanja mawuwo njira yonse, ndipo palibe anakhala bwino.

Dzulo Abiti Saidi anandiimbira foni. Nambala anaipeza kwa apongozi. Anayamba ndi moni wautali, kufunsa za ana, za mayi a kunyumba, za msana wanga. Anandiuza kuti kalabu inakumana. Ena mwa eni matumba athunthu anavomera kutapako mbale imodziimodzi kupatsa anzawo otaya, ena anakana, akuti nawonso ali ndi ana. Zimene zinasonkhedwazo sizinakwane, moti mayi ake a Hawa athira mizere yapafupi ndi nyumba yokha, yotsalayo aisiyira Mulungu. Ananena zonsezi mosadandaula, ngati akundiuza za nyengo.

Kenako anafunsa za alamu. Anati anthu kumudzi akuwapempherera, Akhristu ndi Asilamu omwe, ndipo anyamata agwirizana zokathira miyala pakamtsinje paja kuti galimoto ikadzabwera isadzavutikenso. Ndinangoti zikomo.

Asanadule anawonjezera nkhani ina. Ali ndi mdzukulu wawo wamkazi, mtsikana wamng'ono, mimba yoyamba. Anamwino a pachipatala chaching'ono anamuuza kuti mwana sanagone bwino, asadzayerekeze kuchirira kumudzi, adzapite kuchipatala chachikulu nthawi isanakwane. Mwezi wake ndi wamawa, mvula ikadali pakati. Pa njinga yamoto sangakhale, ndipo wapansi sangafike kumsewu waukulu.

"Ndiye muwafunse bambo Namakhwa," anatero Abiti Saidi, "kuti galimoto ichira liti, kuti tidziwiretu tsiku lomukonzekeretsa."

Ndinayankha kuti ndiwafunsa.

Ndakhala pano ndi foni patebulo, ndipo sindinaimbebe. Alamu anati ndimadziwa kusanja mawu, koma awa andikanika. Ndiye ndikupempha inu amene mumadutsa m'misewu yathu magalasi ali otseka, inu amene munaimapo pakamtsinje paja m'chilimwe n'kujambulitsa, ndi inu nonse amene, ngati ine, munalimbitsa panu n'kukhala chete. Tandithandizani yankho loti ndikawapatse mayi amenewa. Mtsikanayu akwere chiyani?